Musanyoze kamzere kachikasu kamene kali pansi pa code yanu

Loweruka lapitali ambiri simunafike chifukwa cha mvula ija, ndiye wapampando anandipempha kuti zimene ndinalankhula ndizilembe, zituluke mwezi uno. Ndazilemba momwe ndinazilankhulira, ndangochotsako kuseka kwa anyamata okhala kumbuyo aja.

Ndiyambe ndi manyazi anga, chifukwa ndi amene anandiphunzitsa nkhaniyi.

Azakhali anga ndi msungichuma wa gulu lina la banki mkhonde kwathu, gulu la amayi 23. Chaka chatha, nthawi yogawana ndalama itayandikira, ine podzimva kuti Python ndaidziwa ndinawauza kuti chaka chino asavutike ndi kuwerengera pamanja, ndiwalembera kapulogalamu. Ndinalembadi. Kankatenga masheya a munthu aliyense, kuwonjezera gawo lake la chiwongoladzanja, kenako kuchotsa chindapusa ngati munthuyo anachedwa kubweza ngongole. Ndinakayesa ndi anthu asanu ongopeka, masamu onse anatuluka bwinobwino. Mtima unali m'malo.

Tsiku logawana linafika. Amayi akhala pa mphasa, bokosi la ndalama lili pakati, ine ndi laputopu pamiyendo. Mayi woyamba zayenda, wachiwiri zayenda, mpaka wa nambala 13. Titafika pa mayi wa nambala 14, pulogalamu inangoima n'kulavula mawu awa:

NameError: name 'chindapsa' is not defined

Mizere yake inali iyi:

if masiku_ochedwa > 0:
    chindapusa = masiku_ochedwa * 200
    zolandira = zolandira - chindapsa

Mwaona? Pamwamba ndinalemba chindapusa, pansi ndinalemba chindapsa. Chilembo chimodzi basi, u. Mwa anthu asanu ongopeka aja panalibe ndi mmodzi yemwe wochedwa kubweza, ndiye mzere umenewu unali usanayendepo chilembereni. Mayi wa nambala 14 ndi amene anali woyamba kukhala ndi chindapusa.

Kukonza kwake sikunanditengere mphindi ziwiri. Koma pa nkhani ya ndalama, mphindi ziwiri zimenezo zinakwanira. Mayi wina anafunsa kuti, "Nanga ngati makinawo alakwitsa apa, tidziwa bwanji kuti kwa anzathu 13 aja sanalakwitse?" Funso labwino, ndipo ndinalibe yankho. Anagwirizana kuti zonse ziyambirenso pamanja. Tinaweruka kutada, ndipo azakhali anga, amene asunga bokosi limenelo mokhulupirika, anayang'anidwa ndi diso lina tsiku limenelo chifukwa cha ine.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti nditafika kunyumba n'kutsegula fayilo ija mu VS Code, pansi pa mawu akuti chindapsa panali kamzere kachikasu kokhotakhota. Kanalipo kuyambira tsiku limene ndinalemba. Ndinkakaona, koma ndinkati bola pulogalamu ikuyenda. Akuluakulu amati wakutsina khutu ndi mnansi. Ine mnansi wangayo ndinamunyoza masabata atatu.

Tsopano funso limene mnzathu wina anafunsa Loweruka: chifukwa chiyani Python yeniyeniyo sinandiuze pachiyambi pomwe?

Ganizirani ukwati. Pali mndandanda wa anthu amene alankhule. Komiti ina imakhala pansi usiku, kuimbira foni aliyense amene ali pa mndandanda, kutsimikiza kuti alipo ndipo abwera. Akapeza dzina la munthu wosadziwika, mwambo suyamba mpaka akonze. Umu ndi momwe zilankhulo monga C ndi Java zimachitira. Code yanu imayamba yadutsa mu compiler, ndipo mukatchula dzina limene simunalilengeze, compiler imakana, pulogalamu siituluka n'komwe.

Python ndi JavaScript zili ngati wotsogolera mwambo amene wangolandira pepala m'mawa womwewo. Amaitana dzina pokhapokha nthawi yake ikakwana. Ngati munthuyo kulibe, amadziwira pomwepo, anthu onse ali chete kudikira. Ndipo ngati gawo limenelo la mwambo ladumphidwa, sadzadziwa n'komwe kuti pa pepalapo panali dzina labodza.

Python isanayambe kuyendetsa fayilo imaona kalembedwe kokha. Mukaiwala kutseka bulaketi kapena kuika madontho awiri pambuyo pa if, imakuuzani nthawi yomweyo ndi SyntaxError. Koma mayina imawafufuza ikafika pa mzere wake. Imayamba kuyang'ana m'kati mwa function imene ilimo, kenako mu function imene yaikuta ngati ilipo, kenako pa fayilo yonse, pomaliza pa mayina obadwa nawo monga print ndi len. Ikasowa monsemo, ndi pamene imakuwa kuti NameError.

Si kuti amene anapanga zilankhulozi anaiwala ayi. Guido van Rossum anatulutsa Python mu 1991, Brendan Eich analemba JavaScript mu 1995, ndipo zonse ziwiri zinapangidwa kuti munthu azilemba mwachangu popanda kulengeza chilichonse pasadakhale. Dzina limodzi lomwelo lingathe kusunga nambala pano, mawu pa mzere wotsatira. Mayina atsopano angathe kubadwa pulogalamu ili mkati moyenda. Ufulu umenewu ndi umene unachititsa kuti ambiri a ife tilembe pulogalamu yathu yoyamba tsiku loyamba lomwe. Mtengo wake ndi umene ndinalipira pa mphasa paja.

Apa ndi pamene editor imalowererapo. Timizere timene mumationa sitichokera kwa Python. Timachokera ku mapulogalamu ena amene amawerenga code yanu osaiyendetsa. Amalemba mndandanda wa mayina onse amene mwapanga ndi malo amene mwawapangira, n'kuyerekeza ndi mayina onse amene mwatchula. Amalowa mu if aliyense ndi else aliyense, ngakhale amene sanayendepo. Nzeruyi ndi yakale. Mu 1978 Stephen Johnson wa ku Bell Labs analemba pulogalamu yotchedwa lint yofufuza zolakwika mu C. Dzinalo limatanthauza tiulusi timene timamatirira pa zovala, ndipo mpaka lero zida za mtundu umenewu zimatchedwa ma linter. Pa Python pali Pyflakes, Pylint, Flake8 ndi Ruff. Mu VS Code ambiri tili ndi Pylance, imene pansi pake pali Pyright ya Microsoft. Pa JavaScript pali ESLint, imene inayamba mu 2013.

Koma machenjezo onse si ofanana, ndipo ndikufuna muchoke pano mukudziwa kusiyanitsa anayi.

Loyamba ndi lija linandigwetsa ine. Pylance imati dzinalo "is not defined". Flake8 ndi Ruff zimalipatsa nambala F821, Pylint imalitcha E0602. Ili mukaliona, siyani zonse. Pafupifupi nthawi zonse limanena zoona. Mwina mwalakwitsa chilembo, mwina mwalemba Dzina pamene munapanga dzina, pakuti kwa Python chilembo chachikulu ndi chaching'ono ndi zinthu ziwiri. Mwina mwaiwala import. Mwinanso mwakopera code yakale ya Python 2, imene inasiya kusamalidwa pa 1 Januwale 2020. Mukaona raw_input kapena xrange zili ndi kamzere, dziwani kuti mu Python 3 mayina amenewo kulibe, tsopano ndi input ndi range.

Lachiwiri ndi lochenjera pang'ono. Limati dzinalo "is possibly unbound", kutanthauza kuti dzinalo lilipo, koma pali njira ina imene pulogalamu ingadzere n'kufika pamenepo lisanapatsidwe kanthu. Onani izi:

if masheya > 10:
    bonasi = 500
zonse = masheya * 1000 + bonasi

Munthu wa masheya 12 zimuyendera. Wa masheya 7 akafika, bonasi sanapangidwe, pulogalamu igwa. Zikachitikira m'kati mwa function, uthenga wake umakhala UnboundLocalError. Mankhwala ake ndi mzere umodzi: lembani bonasi = 0 pamwamba pa if. Ngati chenjezo la mtundu uwu simunalionepo pa makina anu, pitani ku settings, fufuzani type checking mode ya Python, muichotse pa off muiike pa basic. Mudzadabwa ndi zimene zidzatulukire m'mafayilo anu akale.

Lachitatu ndi limene limasokoneza anthu atsopano: "Import could not be resolved". Nthawi zambiri apa code yanu ilibe mlandu. Mwina phukusi limenelo simunaliike pa makinawo, kapena munaliika koma editor ikuyang'ana Python ina. Izi zimachitika kawirikawiri pa malaputopu a kalabu, chifukwa aliyense amene wagwirapo amasiya Python yake ndi virtual environment yake. Dinani Ctrl, Shift ndi P, lembani Python: Select Interpreter, musankhe imene mukugwiritsa ntchito. Kamzere kakachoka, vuto linali limenelo. Kakatsala, kawirikawiri ndiye kuti phukusilo kulibedi, ndipo pulogalamu yanu ikagwa pa mzere woyamba.

Lachinayi ndi limene limaopsa chifukwa kawirikawiri silibwera n'komwe. Tinene kuti muli ndi function imene imalandira membala, ndipo m'kati mwalemba membala.dzna m'malo mwa membala.dzina. Dzina lakuti membala lilipo, ndiye F821 palibe. Koma editor siidziwa kuti membalayo ndi chinthu cha mtundu wanji, chifukwa Python imalola kuti muponyemo chilichonse. Ndiye imangokhala chete, inu mudzakumane ndi AttributeError tsiku la ntchito. Chimodzimodzi ndi dictionary: mukalakwitsa kiyi, editor ilibe chonena, mudzaona KeyError pambuyo pake.

Njira yothandizira editor pamenepa inabwera mu 2015 ndi Python 3.5, imatchedwa type hints. Mumangolemba kuti def lipira(membala: Membala), ndipo kuyambira pamenepo editor ikudziwa kuti chinthuchi chili ndi dzina ndi masheya, koma dzna chilibe. Python yeniyeniyo siikakamiza zimene mwalembazo poyendetsa, ndi uthenga wopita kwa editor ndi kwa mnzanu wowerenga. Simukuyenera kulemba paliponse. Yambani ndi ma function amene amagwira ndalama kapena zinthu za anthu.

Tsopano inu a mawebusayiti, musaseke a Python, chifukwa kwanu zinthu n'zoipirapo. Mu JavaScript mukawerenga dzina limene kulibe mumalandira ReferenceError, zimenezo n'zabwino, mwadziwa. Koma mukalemba membala.masheeya m'malo mwa membala.masheya, palibe chikuwa. Mumangopatsidwa undefined, pulogalamu n'kumapitirira. Undefined mukamuchulukitsa ndi 1000 mumapeza NaN, ndipo NaN ameneyo amayenda mpaka kukaonekera pa foni ya kasitomala pamalo pamene panayenera kukhala mtengo. Pulogalamu yanga ija inachita bwino kugwa, chifukwa sinapereke nambala yabodza kwa munthu.

Palinso msampha wina. Mwapanga let zonse = 0, kenako penapake mwalemba zones = zonse + 500. Mu JavaScript ya kalembedwe kakale, m'malo mokana, imangokupangirani variable yatsopano yotchedwa zones, ndipo zonse imakhalabe pa 0. N'chifukwa chake mu 2009 anabweretsa "use strict". Mukalemba mawu amenewa pamwamba pa fayilo, kulakwitsa kotere kumasanduka ReferenceError. Mukamalemba ma module, a import ndi export aja, strict imakhala yoyatsa kale. Dziwaninso kuti VS Code payokha siikuchenjezani za mayina osowa mu fayilo wamba ya .js. Muyenera kulemba // @ts-check pa mzere woyamba, kapena kuika ESLint ndi lamulo lake lotchedwa no-undef. ESLint muiuzenso ngati code yanu ikuyenda mu browser kapena mu Node, apo ayi idzayamba kudandaula za document ndi window ngati kuti mwazipeka nokha.

Mlongo wathu wina anadzutsa dzanja Loweruka n'kunena kuti iye anazimitsa machenjezo onse chifukwa amanama. Sindinamutsutse, chifukwa nthawi zina amanamadi. Amene mwayamba Django mwaonapo Pylint ikunena kuti class yanu ilibe objects, chonsecho Membala.objects.all() ikuyenda bwinobwino. Chifukwa chake n'chakuti Django imawonjezera objects pulogalamu ikuyenda, ndipo wowerenga code osaiyendetsa sangazione. Pali chowonjezera chotchedwa pylint-django chimene chimakonza zimenezi. Chimodzimodzi mukamapanga mayina ndi setattr, globals kapena exec, editor mwaimanga m'maso.

Nthawi zina timaimanga m'maso tokha popanda chifukwa. Mukalemba from tkinter import * mwatsanulira mayina ambirimbiri mu fayilo yanu nthawi imodzi. Flake8 imakuuzani poyera ndi F403 kuti tsopano siingathenso kudziwa mayina osowa, ndipo pa dzina lililonse lokayikitsa imangoti F405, mwina lilipo mwina kulibe. Lembani import tkinter as tk, kapena tchulani mayina enieni amene mukufuna. Zimatenga masekondi ochepa, ndipo mlonda wanu amayambanso kuona.

Kodi tsiku lina padzakhala editor yosanama ndiponso yosaphonya? Ayi, ndipo si chifukwa cha ulesi wa opanga. Mu 1936 Alan Turing anasonyeza kuti sipangakhale pulogalamu yotha kuweruza molondola pa mapulogalamu onse ngati adzafika pomaliza kapena adzangozungulira mpaka kalekale. Kuchokera pamenepo zikutsatira kuti palibenso chida chimene chingadziwe motsimikiza, pa code iliyonse, mizere imene idzayende ndi mayina amene adzakhalepo nthawi imeneyo. Choncho chida chilichonse chimasankha. Pyflakes inasankha kulankhula zochepa kuti isamaname kawirikawiri. Pylint inasankha kulankhula zambiri, ndipo zina mwa izo zimakhala phokoso chabe.

Ndiye mukatsimikiza kuti chenjezo lanama, musazimitse nyumba yonse chifukwa cha babu limodzi. Tontholetsani mzere umodzi womwewo. Pa Flake8 ndi Ruff mumalemba # noqa: F821 kumapeto kwa mzere, ndipo pambali pake lembani chifukwa, kuti mnzanu kapena inu nomwe pakatha miyezi itatu mudziwe. Choopsa cha machenjezo 60 osawerengedwa n'chakuti la nambala 61, limene likunena zoona, limabisala pakati pawo.

Amene mumakonda Jupyter, chenjerani ndi mbali inayo. Mumapanga variable mu cell ina, kenako cell ija mwaifufuta, koma variable idakali m'chikumbumtima cha kernel. Zonse zikuyenda kwa inu. Mwatumizira mnzanu, kwa iye NameError. Musanatumize notebook kwa munthu, yambitsaninso kernel n'kuyendetsa ma cell onse kuyambira pamwamba. Ikadutsa pamenepo ndiye kuti ndi yamoyo.

Ndikudziwa kuti ena mumalembera pa foni, ena laputopu yanu ikatsegula VS Code imayamba kupuma movutikira. Musadandaule. Pyflakes ndi yaing'ono, siidya bandulo yambiri, ndipo mukaiika kamodzi siifunanso intaneti. Lembani pip install pyflakes, kenako python -m pyflakes ndi dzina la fayilo yanu. Ikupatsani nambala ya mzere ndi dzina limene lasowa. Ndikanachita zimenezi usiku umodzi wokha, azakhali anga sakanaona zimene anaona.

Koma ndisakunamizeni kuti timizere tikatha ndiye kuti pulogalamu ndi yolondola. Ndikanalemba 2000 pamalo pa 200, palibe editor ikanadandaula, ndipo mayi uja akanadulidwa ndalama zambiri kuposa mlandu wake. Editor imaona mayina, siidziwa malamulo a gulu. Kulakwa kwanga kwachiwiri kunali kuyesa ndi anthu abwino okhaokha. Mukamayesa, werengani ma if anu onse, ndipo pa lililonse pekani munthu amene alowemo: wochedwa, wopanda masheya, wangongole yoposa masheya ake, mndandanda wopanda munthu. Mzere umene sunayendepo musauwerengere kuti ukugwira ntchito.

Pomaliza, ndinapempha zinthu zitatu, ndipo amene analipo anavomera kuti tiziyese mpaka kumapeto kwa teremu ino.

Choyamba, aliyense asanaonetse ntchito yake kutsogolo, atsegule Problems mu VS Code, ndi Ctrl, Shift ndi M, kapena ayendetse Pyflakes tonse tikuona. Pakhale popanda kanthu, kapena athe kufotokoza chenjezo lililonse limene latsala.

Chachiwiri, import ya nyenyezi ija tisiye mu ntchito za kalabu.

Chachitatu, pulogalamu iliyonse imene ikagwire ndalama, magiredi kapena mayina a anthu enieni iyambe yawerengedwa ndi munthu wachiwiri isanatuluke pakhomo.

Ntchito ya Loweruka likubwerali ndi iyi: fukulani fayilo yakale kwambiri imene muli nayo, imene mumainyadira, muiyendetse pa Pyflakes kapena ESLint, mubwere ndi zimene mwapeza. Musakonze kaye, tidzakonzera limodzi. Ine ndibweretsa ya banki mkhonde ija momwe inalili, chindapsa wake ali pomwepo. Azakhali anena kuti Disembala ikubwerayi andipatsanso mwayi, koma buku ndi cholembera zidzakhala pambali, ndipo nambala iliyonse ya pa laputopu adzaitsimikiza pamanja asanatsegule bokosi. Ndavomera.

Tionane Loweruka nthawi yathu yomwe ija.